Rauta ya Alamu

Alamu anga, achimwene awo a amuna anga, anafika Lachiwiri masana atanyamula chikwama chimodzi, jekete yochindikala ngati bulangete, ndi kabokosi kakuda ka tinyanga tinayi. Analowera khomo la kukhitchini. Munthu amene wakhala zaka kunja salowera kukhitchini, choncho ndinadziwiratu kuti pali nkhani.

Nkhani yake inali yakuti mapepala awo okhalira m'dziko la eni lija anatha, ndipo eni dzikolo anawaperekeza mwaulemu mpaka pakhomo la ndege. Koma kampani imene ankagwirako ntchito sinadziwe kanthu. Alamu ankajambula mapulani a mapaipi a madzi pa kompyuta, ndipo ankagwirira kunyumba, moti mabwana awo ankangowaona nkhope pa vidiyo. Lamulo la kampaniyo linali lakuti wantchito azikhala m'dzikomo. Alamu anaganiza zopitiriza kukhala m'dzikomo ali m'chipinda chathu chositira.

"Kanthawi kochepa chabe, alamu," anandiuza. "Koma amayi asadziwe."

Amayiwo ndi apongozi anga, amene amakhala ulendo wa minibasi imodzi kuchokera kwathu. Dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale. Kutchalitchi, kumsika ngakhale kuchipatala anthu amawaitana kuti Amake Akunja. Mwana wawo winayo, amene ndinakwatiwa naye, amene amawaperekeza kukayezetsa shuga ndi kuwakonzera mpopi ukamadontha, amakumbukiridwa pakapezeka katundu wofunika kunyamula.

Ndinatulutsa tebulo lositirapo ndi fani yakufa m'chipindamo, n'kuyala matiresi. Ndisanamalize, alamu anali atayima kale pa kabati ya pabalaza, mawaya ali m'manja.

"Iyi ndi rauta," anatero akundionetsa kabokosi kakuda kaja.

"Rauta tili nayo." Ndinaloza yoyera imene anatiikira a kampani ya intaneti.

"Yanuyo ndi ya anthu wamba. Iyi ili ndi VPN m'kati."

Anafotokoza monga munthu wa mapaipi. Anati VPN ili ngati paipi yokwiriridwa pansi: madzi amalowera kuno koma amakatulukira pa mpopi wa kutali, ndiye woona mpopiwo amati madziwo ndi akomweko. Laputopu ya kampani yawo inali yokhoma, sakanatha kuikamo kalikonse, n'chifukwa chake VPN inaikidwa mu rauta. Kompyuta iliyonse yomwera mu rautayo idzaoneka ngati ili mu mzinda wozizira umene anachokako.

"Chabwino," ndinatero. "Yanu izimwera mu yakudayo. Yanga, ya abambo ndi ya mwana zizimwera mu yoyera."

"Wayifayi ya yoyerayo ndaitseka kale. Laputopu ikhoza kusochera n'kulumikizika kumeneko, ngakhale kamphindi, basi ndaoneka. M'nyumba muno mukhale khomo limodzi."

"Nanga sizikhudza ntchito yanga?"

Ine ndimayankha madandaulo a makasitomala pa kampani ya inshuwalansi ya magalimoto. Masiku ena ndimapita ku ofesi, ena ndimagwirira kunyumba pa laputopu ya kampani. Ntchitoyo ndinaipeza nditang'amba nsapato zingapo, ndipo ndi imene imasunga mwana wathu wamkazi pasukulu.

Alamu anaseka. "Alamu, ndani angakhale pansi kumafufuza ntchito yanuyo?"

Amuna anga sanamve n'komwe funso langa. Iwo amagulitsa utoto ndi misomali m'sitolo ya zipangizo zomangira, ndipo anakanizidwapo viza kawiri. Anali chilili, maso ali pa tinyali tobiriwira timene tinayamba kuphethira.

"Ndiye kuti, achimwene, ine ndikatsegula kompyuta yanga, dziko lonse liziti ndili kumeneko?"

"Kumeneko kumene."

"Osafola pamzere kwa kazembe?"

"Osafola."

Anachotsa chithunzi chathu cha ukwati pa kabati n'kuchiika pamwamba pa firiji. Kenaka anatenga kansalu kanga koluka, kamene ndinkavundikirira mbale za alendo, n'kukayala pansi pa rauta. Umu ndi mmene tinasamukira kunja osanyamula ngakhale supuni.

Moyo wa kunja unali wotentha. M'mawa uliwonse amuna anga ankatsegula kompyuta n'kuwerenga zanyengo. "Lero kwathu kwagwa chipale chofewa," ankatero akupukuta thukuta ndi thaulo. Otsatsa malonda anayamba kuwanyengerera kuti agule matayala oyendera pachipale, ndipo iwo ankayerekeza mitundu yake mofatsa, ngakhale galimoto tilibe. Mwana akafufuza za homuweki, mayankho ankabwera m'chinenero cha timadontho pamwamba pa zilembo, mpaka anafunsa abambo ake aakulu ngati mayeso adzalembanso m'chinenero chimenecho. Magetsi akazima, firiji inkadontha madzi pasimenti, koma rauta inkaphethirabe pa batire yakeyake.

Ine ndinapatsidwa udindo wothamangitsa phokoso. Alamu akakhala ndi msonkhano wa pa vidiyo ankatseka mawindo, n'kukoka katani, n'kuvala jekete ija ndi sikafu. Pamenepo ine ndinkatuluka kukapempha wogula zitsulo zakutha kuti akakuwire msewu wina, ndi kukambirana ndi tambala wa aneba. Msonkhano ukatha alamu ankatuluka atanyowa ngati nkhuku yovumbidwa mvula, n'kukagona chagada pasimenti ya kukhitchini.

Lamlungu masana ankaimbira amayi awo pa vidiyo. Ankadandaula za kuzizira, apongozi n'kumawalangiza kuti azivala masokosi awiriawiri.

Kenaka Lachitatu lina ndinaitanidwa ku ofesi ya abwana. Mlembi wawo, mayi amene sanayambepo kundipatsa moni, anaimirira atandiona.

"Takulandirani. Mwafika liti?"

"Ndafika pa minibasi imene munakwera inuyo. Munandiponda phazi."

"Komatu mwayera," anatero akundiyang'ana kuyambira kumutu. "Mphepo ya kumeneko yakuyanjani."

M'kati munali abwana ndi mkulu wa makompyuta, bambo wofatsa amene amayankhula ngati mawu amagula. Anatembenuzira kompyuta kwa ine. Panali mapu a dziko lapansi, ndipo kumtunda kwenikweni, kumene mapu amayamba kuyera, kunali kadontho kofiira.

"Kadontho aka ndi inu," anatero.

"Ine ndi uyu ndakhala apa."

"Lero inde. Lolemba munali uku. Dzulo lake la Lolembalo simunagwire ntchito. Lachisanu munali uku. Tsiku lililonse limene mwagwirira kunyumba, nyumba yanu imakhala uku."

Abwana anapinda manja pamimba. "Mayi, pali zinthu ziwiri. Mwina muli ndi lichero louluka. Apo ayi, munapereka pasiwedi yanu kwa munthu wa kumeneko, ndiye akukugwirirani ntchito inu muli gone. Zonsezi chilango chake n'chimodzi. Zinsinsi za makasitomala athu siziloledwa kutuluka m'dziko muno."

"Bwana, ndilibe ngakhale pasipoti."

"Ambiri amene ali kumeneko alibenso."

"Ndi rauta ya kunyumba. Ili ndi VPN."

Mkulu wa makompyuta anagwedeza mutu pang'ono. "Zimatheka. Anaikamo ndani?"

Ndinatsegula pakamwa, koma pakhomo panali pataima mlembi uja ndi thireyi ya tiyi imene palibe anaitanitsa. Mayi ameneyo amaimba kwaya imodzi ndi apongozi anga. Ndinatsekanso pakamwa.

"Aliyense wogwidwa amanamizira rauta," anatero mkulu wa makompyuta. "Bwerani nayo Lachisanu m'mawa tidzaione ndi maso."

"Mukalephera kubwera nayo," abwana anawonjezera, "mubwere ndi laputopu yathu ndi kiyi wa dirowa."

Pamene ndinkatuluka, mbiri inali itandidutsa kale. Ndinali mayi amene analemba mzungu ganyu. Mnzanga wa desiki yoyandikana anafuna kudziwa ngati azunguwo amavuta kulamula. Wina anandinong'oneza saizi ya phazi lake kuti ndimugulire nsapato kumeneko. Kwa zaka zonse zimene ndagwira ntchito pamenepo sindinalemekezedwepo ngati tsiku limene ankafuna kundichotsa. Pamasitepe abwana anandipeza, akuyang'ana uku ndi uku.

"Ngati zili zoona kuti muli ndi munthu kumeneko," anatero motsitsa mawu, "ndili ndi mnyamata wanga wamaliza sukulu, akungokhala."

"Ndiye ndikavomera mlanduwu, bwana, mundichotsa kapena mundipatsa mwanayo?"

"Zonse ziwiri zimatheka."

Kunyumba ndinapeza abale awiriwo akuonera mpira wa m'dziko lawo latsopano. Ndinazimitsa kanema n'kuwafotokozera zonse.

"Ndikungofuna rautayo m'mawa umodzi wokha. Pemphani tchuthi, alamu. Muwauze kuti chipale chakudwalitsani chimfine."

"Lachisanu sizingatheke," anatero alamu. "Ndi tsiku limene ndikuonetsa mapulani kwa mabwana akuluakulu. Ndiponso rauta iyi sichoka pa kabati. Wamakompyuta wanuyo akangogwira malo olakwika, ndani aibwezeretse?"

"Inuyo."

"Amene anaitchera anatsala komweko."

"Ndiye kuti inu simudziwa zili m'katimo?"

"Ine ndimajambula mapaipi, alamu. Komanso akakufunsani kuti mwini wake ndani muyankha chiyani? Dzuwa lisanalowe amayi adzakhala atamva."

Ndinatembenukira kwa amuna anga. Anakanda chibwano, monga amachitira kasitomala akabweza utoto wotsegula kale.

"Amayi, taganizani bwino," anatero. "Kuchotsedwa ntchito chifukwa choti muli kunja si chinthu chochititsa manyazi. Anthu amachotsedwa chifukwa choba."

"Abambo, mwadya?"

"Ndikutanthauza kuti ntchito ya achimwene imadyetsa mtundu wonse. Yanuyo..."

"Yangayo ikudyetsa achimwene anu."

Alamu anayang'ana mbale imene inali pamiyendo pawo, n'kuiika pansi mwakachetechete, koma nyama anali atamaliza.

Lachinayi masana apongozi anatulukira osauza munthu. Mwana ndi amene anawaona pawindo. Alamu anadumpha mpando n'kudzitsekera m'chipinda chositira, kusiya nsapato zawo zazikulu pakati pa balaza ngati mabwato awiri. Apongozi anazilambalala osayang'ana pansi, n'kukhala pa mpando wa abambo, chikwama chili pamiyendo.

"Ndamva kukwaya kuti mukuchotsedwa ntchito," anatero ndisanamalize kuwalonjera. "Akuti munalemba mzungu. Ine ndinawauza kuti mpongozi wanga sangakwanitse."

Kuseri kwa khoma kunamveka chifuwa. Alamu ali ndi katsokomoledwe kawo, katatu motsatizana kenaka kubuula. Ndinaona kuti nthawi yosunga chinsinsi cha anthu yatha.

"Amayi, mwana wanu ali m'chipindamo."

"Mwana wanga ali kunja."

"Amene akutsokomolayo."

"Nyumba ndi yanu, mumasungamo amene mukufuna."

"Ndiwaitane atuluke?"

Apongozi anakonza mpango wawo. "Mwananga, chifuwa chimenecho ndinachilera ndine. Ndinachimva tsiku lija ndinabwera kudzatenga mankhwala. Nsapato izi mwamuna wanu angalowemo mapazi onse awiri. Ndipo Lamlungu lililonse kumbuyo kwake kumaoneka katani imene ndinakupatsani ine pa ukwati wanu, ya maluwa achikasu, imene simunaikonde."

"Ndiye mukudziwa."

"Sindikudziwa kanthu. Mwezi wamawa amayi a kutchalitchi akusankha wapampando. Amene ndikupikisana naye mwana wake ndi namwino kunja, ndipo anamutumizira magalasi a golide. Mukufuna ndikaime pamaso pa mayi ameneyo ndi mwana wa m'chipinda chositira? Mwana wanga ali kunja mpaka chisankho chitadutsa."

"Nanga ntchito yanga?"

"Ntchito zimapezeka. Dzina likagwa silitoleka."

Atatero anatulutsa foni m'chikwama, n'kuitalikitsa kumaso, n'kuimba. Kuseri kwa khoma foni inanjenjemera pa matiresi. Panapita kanthawi, ndinamva zipi ya jekete ikukokedwa, kenaka nkhope ya alamu inaoneka m'manja mwa amayi awo, sikafu ili m'khosi.

"Amayi, muli bwanji kumeneko?"

Mawuwo ankafika kawiri, koyamba kudzera m'khoma, kachiwiri pa foni atazungulira dziko lapansi.

"Tili bwino. Ukutsokomolatu iwe. Masokosi ukuvala?"

"Ndikuvala, amayi. Kuzizira kwake chaka chino n'koopsa."

"Uzimwa madzi otentha. Alamu ako akupereka moni."

Ndinapereka moniwo molunjika kukhoma.

Pa chakudya chamadzulo ndinanena poyera, mwana ali pomwepo kuti akhale mboni. "Mawa m'mawa ndikunyamula rauta. Alamu, nthawi yopempha tchuthi ikadalipo."

Alamu anamwetulira n'kuyang'ana mng'ono wawo. Amuna anga anati, "Amayiwa amakonda nthabwala," n'kupempha mchere.

M'mawa wa Lachisanu alamu analowa m'bafa kukonzekera msonkhano wawo, akuimba. Amuna anga anali pakhonde kupolisha nsapato. Ndinazula mawaya, tinyali tobiriwira tinathima, ndipo denga silinagwe. Ndinakulunga rauta m'kansalu koluka kaja n'kuilowetsa m'chikwama cha m'manja. Tinyanga tinakana kulowa, tinangotsala panja. Ndinadutsa pakhonde.

"Mwalawira," anatero amuna anga osadzutsa mutu.

"Ndili ndi ulendo wautali. Ndikubwerera kwathu."

Foni ndinaizimitsa. M'minibasi kondakitala anayang'ana chikwama changa n'kufunsa ngati nkhanuyo ilipira payokha.

Ku ofesi mkulu wa makompyuta analumikiza rauta ku waya wa pakhoma, n'kudikira kuti tinyali tiyake. Anapempha laputopu ya abwana, n'kuilumikiza ku wayifayi ya alamu ndi pasiwedi imene ndinamupatsa, kenaka anatsegula mapu aja. Kadontho kofiira kanali pa mzinda wathu. Anadina kamodzi. Kadontho kanalumpha nyanja zonse n'kukatera kumtunda koyera kuja.

"Bwana," anatero, "panopa muli kunja."

Abwana anayandikitsa mpando. Anayang'ana mapuwo, anayang'ana pawindo pamene dzuwa linkawamba magalimoto, n'kuyang'ananso mapuwo.

"Ineyo?"

"Inuyo."

"Tadinani pa zanyengopo." Anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. "Kukugwa chipale." Anatambasula dzanja n'kutenga jekete ya suti imene inali pa msana wa mpando, n'kuivala. Kenaka anaitana mlembi kuti awajambule ali pafupi ndi kompyutayo, kadontho kakuoneka bwino.

"Ndiye nkhani ya mayiwa yamveka," anatero mkulu wa makompyuta. "Pasiwedi sanapatse munthu. Kuyambira lero laputopu ya kampani isamwerenso m'kabokosi aka."

"Kabokosika n'ka ndani?" anafunsa mlembi, foni idakali m'mwamba.

"N'ka mlendo," ndinatero. "Paja mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa."

Abwana anakonza kolala. Ananena kuti sindichotsedwa ntchito, koma nkhani yaikulu ngati imeneyi singathe popanda chilango, choncho akundichenjeza chifukwa chotuluka m'dziko osatsanzika. Ananenanso kuti rauta itsale mu ofesi mwawo kuti kafukufuku apitirire. Mkulu wa makompyuta anayesa kunena kanthu, koma abwana anali atayamba kale kuyerekeza matayala oyendera pachipale.

Pofika nthawi ya nkhomaliro pasiwedi ya alamu inali itayenda desiki ndi desiki. Mlembi anasamuka, wa nsapato uja anasamuka, ngakhale woyang'anira galimoto za kampani anasamuka pa foni yake. Kenaka makompyuta a kulikulu anawatsekera onse panja, abwana akutsogolera, ndipo kunabwera foni yofunsa kuti analola ndani kuti nthambi yonse ipite kunja tsiku limodzi. Masana onse amenewo munthu yekhayo amene anali m'dziko muno, akuyankha madandaulo a makasitomala, ndinali ine.

Kunyumba ndinapeza mawindo onse ali otsegula. Alamu anali pabalaza atavala vesiti, jekete ili pansi ngati galu wogona. Laputopu yawo inali yotseka patebulo. Amuna anga anali kukhitchini akutsuka mbale, chinthu chimene ndinachionapo komaliza tili pachibwenzi.

"Msonkhano unayenda bwanji, alamu?"

"Funsani amuna anu."

Amuna anga anatuluka akupukuta manja. Anafotokoza akuyang'ana firiji. Achimwene atatuluka m'bafa n'kupeza pa kabati pali mbee, anayamba kufufuza nyumba yonse, pansi pa bedi, mu uvuni, m'dengu la zochapa. Nthawi ya msonkhano inali itakwana. Iwo, pofuna kupulumutsa m'bale wawo, anatsegula intaneti ya pa foni yawo n'kulumikiza laputopuyo, kenaka anaitana achimwene kuti zatheka.

"Inu osafunsa kuti zatheka bwanji?" ndinafunsa alamu.

"Mabwana anali atayamba kale kulowa. Ndinangokoka jekete."

"Msonkhanowo unayenda bwino kwambiri," anatero amuna anga. "Mapulani anawakonda. Anawomba m'manja."

"Kenaka?"

"Kenaka kunabwera uthenga wofunsa kuti achimwene afika bwanji kuno, popeza dzulo madzulo anali kumeneko. Asanayankhe, laputopu inadzitseka."

"Abambo, munaganiza chiyani?"

"Foni yangayi yakhala kunja nthawi yonseyi," anatero mofatsa. "Ndinkati inazolowera. Munthu akakhalitsa malo amapatsidwa mapepala."

Alamu anandiyang'ana ndi maso ofiira. "Mwandipha, alamu."

"Ndinakuuzani dzulo muli ndi mpeni ndi foloko m'manja. Ine ndinangonyamula paipi. Amene anatsegula mpopi ndi m'bale wanuyu."

"Nanga rauta yanga ili kuti?"

"Yapeza ntchito ku ofesi kwathu."

Apongozi atamva kuti ntchito ya alamu yatha sanalire ndipo sanandikalipire. Pa foni anangoti, "Ngati wabwera, abwere ngati munthu." Anakonza zonse okha. Loweruka amuna anga anatumidwa kumsika kukagula sutikesi yaikulu ndi mafuta onunkhira, mawotchi ndi magalasi a golide, zonse zochotsa mapepala a sitolo. Lamlungu m'mawa alamu anatulukira khomo la kukhitchini limene analowera, n'kukwera takisi atawerama. Masana amayi a kutchalitchi anadzaza minibasi kupita ku bwalo la ndege.

Ine sindinapite. Mlembi ndi amene anandifotokozera Lolemba. Anati alamu anatulukira chakumbali kwa zimbudzi, jekete ili pathupi, akukankha sutikesi, ndipo amayi awo anagwa pansi n'kudzutsidwa ndi anthu anayi. Anati mnyamatayo watopa ndi kutumikira azungu, wabwera kudzatsegula kampani yakeyake.

"Munaphonya," anatero mlembi. "Ndiye wayeratu. Munthu wa kunja sabisika."

Apongozi anapambana chisankho. Alamu akukhala kwawoko, m'chipinda chimene apongozi ankasungiramo mipando ya pulasitiki, ndipo kampani yawoyawo ija ikuyembekezera kuti nyengo isinthe. Apongozi anandiimbira kufunsa kuti munthuyu kwathu ankadya kangati patsiku.

Tsiku lomwe anachoka ndinabwezeretsa tebulo lositirapo ndi fani yakufa m'chipinda chawo. A kampani ya intaneti anandiuza pa foni kabatani kodina kumbuyo kwa rauta yoyera, ndinadina ndi chipini cha tsitsi, wayifayi n'kubwerera. Homuweki ya mwana inayambanso kulankhula chinenero chomveka. Chithunzi cha ukwati ndinachitsitsa pa firiji. Amuna anga amatsegulabe zanyengo m'mawa uliwonse, n'kupuma mozama, n'kunena kuti kutentha kwa dziko lino sakukuzolowera.

Ntchito ndikugwirabe. Ndikagwirira kunyumba kadontho kofiira kamakhala pa msewu wathu, pafupi ndi tambala wa aneba. Rauta ya alamu inachoka ku ofesi likulu litakalipa, ndipo ndikumva kuti kafukufuku akupitirira kunyumba kwa abwana, kumene mnyamata wawo uja tsopano ali kunja. Sabata yatha ndinakumana ndi abwanawo pamasitepe n'kuwapempha kuti andibwezere kansalu kanga koluka, chifukwa mbale za alendo zikulowa fumbi.

Anandiyang'ana ngati ndapempha impso.

"Mayi," anatero, "kameneko ndi umboni."